Chaka Chimene Kanjedza Adagona Panja

Kanjedza wa Desanka ankalowa m'nyumba pa tsiku la Dimitri Woyera, kumayambiriro kwa Novembala, ndipo ankatuluka pa tsiku la Jorje Woyera, m'mwezi wa Meyi. Mudzi wonse unkadziwa zimenezi monga momwe unkadziwira nyengo yothyola mphesa. Desanka adabwera naye kuchokera kwawo kugombe, ku Herceg Novi, chaka chimene adakwatiwa ndi Radivoj. Nthawi imeneyo anali kamtengo ka masamba awiri m'chitini cha mafuta, ndipo apongozi ake aakazi adakaseka. "Mtengo wa kunyanja m'dziko la chimanga ndi mphepo? Sufika Khirisimasi umenewo." Apongoziwo adagona kumanda kalekale, koma kanjedza adasamuka m'chitini kupita m'ndowa, n'kuchoka m'ndowa kupita m'theka la mgolo wa vinyo, mpaka adatalika kuposa Radivoj atavala chipewa.

Kumulowetsa inali ntchito ya amuna anayi. Ankapisa mitengo iwiri m'zigwiriro zachitsulo za mgolowo, n'kumupendeketsa pakhomo, Desanka ali patsogolo akuyenda chobwerera m'mbuyo. "Pang'onopang'ono! Si thumba la mbatata limenelo!" Malo ake anali pakhonde lotchingidwa ndi magalasi, pamene sipankafika moto komanso sipankafika chisanu. Ntchito ikatha, amunawo ankamwa kachasu wa mapulamu ndi kudya buledi wa tchizi wotentha, akuseka kuti mkwatibwi walowa m'nyumba.

Mwana wawo mmodzi yekhayo, Vesna, ankakhala kunja kwa dziko, mumzinda wa Graz, ndi mwamuna wake. Chaka ndi chaka ankanena mawu omwewo pa foni: "Bwerani kuno nonse awiri. Chipinda chilipo, chipatala chili pafupi. M'mudzimo mwatsala ndani?" Radivoj ankakana mokalipa, nati adabadwira pakati pa mpesa wake ndipo adzafera pomwepo. Desanka sankakangana ndi munthu. Ankangoyankha kuti, "Nanga kanjedza wanga amuthirira ndani? Bambo akowa angamuthirire kachasu." Vesna ankaseka, nkhani n'kuthera pomwepo.

Radivoj sadanenepo kwa munthu, koma mumtima ankadziwa kuti mtengo umenewo ndiwo unkamusungira mkazi pakhomo. M'mudzimo Desanka analibe m'bale. Anzake ambiri adatsatira ana awo kunja, mawondo ankamupweteka nthawi yozizira, ndipo akaona mdzukulu wake pa foni ankapukuta maso ndi epuloni. Yankho lokanira mwana wake anali nalo limodzi lokha, ndipo linkaima m'mgolo pabwalo.

Chaka chimenecho Vesna adabereka mwana wachiwiri mu Okutobala, movutikira, ndipo Desanka adapita kukamuthandiza mpaka nyengo yozizira itatha. Akukwera basi adatembenuka.

"Mdala iwe, tsiku la Dimitri. Osati mawa lake."

"Ndamva, Desa. Ndayamba lero kunyamula chimtengo chakocho?"

"Kunyamula umanyamula, koma wokumbukira ndimakhala ine."

Radivoj sadaiwale. Tsiku la Dimitri lidacha ndi dzuwa lofunda ngati la Seputembala, ndipo iye adatulutsa mitengo yonyamulira ija n'kuika botolo patebulo. Koma adabwera munthu mmodzi yekha, Milutin, kum wake, kutanthauza munthu amene adaima pambali pake tsiku la ukwati ndiponso adanyamula Vesna pa ubatizo. Mwa anayi aja, Lazar adamwalira m'chilimwe, ndipo Pishta anali m'chipatala atamuchita opaleshoni ya chophukacho.

Milutin adazungulira mgolowo, manja ali m'chiuno. "A kum, mkwatibwi wathuyu wanenepanso chaka chino. Mukumudyetsa chiyani, mafuta a nkhumba?"

"Gwirani uko, a kum, tiyese."

"Tiyese? Inu ndi ine? Msana wangawu tsopano ndi wa dokotala, ine ndimangobwereka. Mukufuna Desa akabwera apeze maliro awiri ndi mtengo wamoyo?"

Adayesa ndithu. Mgolo udadzuka mbali imodzi, n'kukhalanso pansi ngati ng'ombe yokana goli.

"Tiitane ana a Pishta Loweruka," adatero Milutin akupuma mwabefu. "Onani dzuwali. Njuchi zikuuluka, ine ndili m'malaya okha. Chisanu chikadali ku Rasha, chikufunafuna nsapato."

Kachasu uja adamumwa, popeza anali atatsegulidwa kale.

Loweruka lidali tsiku lopha nkhumba kwa Radivoj. Ana a Pishta adabweradi, koma adabwerera nkhumba, ndipo pofika madzulo aliyense anali mafuta mpaka m'zigongono. Masoseji atatuluka mu utsi adafunika malo ozizira opita mphepo. Desanka sankalola kuti nyama ipachikidwe pakhonde la magalasi, chifukwa mafuta ankadontha pansi ndipo fungo linkakhala mpaka Pasaka. Koma Desanka anali ku Graz, ndipo khondelo linali lopanda kanthu. Radivoj adapachika masoseji ndi nyama zankhumba mizeremizere, kuyambira pakhomo mpaka pazenera. Adati akangouma, kanjedza alowa.

Zengerezu adalinda kwawukwawu. Novembala atapita pakati, m'mawa mumayamba kuzizira, ndipo Radivoj adapita kuseri kwa nyumba kukafunditsa mkuyu wake. Pa ntchito imeneyo m'mudzimo munalibe womposa. Ankamanga nthambi pamodzi, n'kuzunguliza mapesi a chimanga, n'kuvundikira pepala lapulasitiki, ndipo mkuyu wake unkabereka ngakhale chaka chimene ya anzake idauma. Atamaliza adaima n'kuyang'ana kanjedza. Mapesi adali atatsala ambiri.

Adamanga masamba a kanjedza pamodzi ndi chingwe, adazunguliza mapesi mochindikala, adakulunga pulasitiki kuyambira kunsonga n'kumanga ndi waya. Mgolo adausiya wosafunda pasimenti, pakuti pofunditsa mkuyu palibe amene amaganiza za mizu: mizu imakhala pansi, m'nthaka yofunda.

Milutin adasuzumira pampanda. "Mwamuveka ngati mkuyu, a kum."

"Mkuyu ndi kanjedza ndi pachibale. Onse ndi a kotentha."

"Desa mwamuuza?"

"Ndimuuza chiyani? Masoseji akauma alowa."

Lamulungu lake Desanka adaimba foni. Kumbuyo kwake kunkamveka khanda likulira.

"Walowa?"

Radivoj adayang'ana pazenera. Chimtolo chapulasitiki chidaima pabwalo ngati munthu wodikira basi. Akadanena zoona, Desanka akadakalipa, mwina n'kuimbira mkazi wa Pishta, mudzi wonse n'kudziwa kuti Radivoj wagulitsa kanjedza wa mkazi wake ndi masoseji.

"Walowa," adayankha. "Ali pamalo pake."

"Wachita bwino, mdala. Madzi pang'ono pokha, wamva? Dothi likauma."

Kumayambiriro kwa Disembala kudagwa mvula yamvumbi, ndipo madzi adapeza njira yolowera pansi pa pulasitiki. Mvula itakata idabwera Koshava, mphepo ija imene imatsika m'mapiri a kum'mawa n'kulowa mpaka m'mafupa. Idawomba masiku angapo, kenaka idaleka mwadzidzidzi, kumwamba n'kuyera mbee. M'mawa mwake Radivoj adapeza madzi a galu atasanduka mwala. Adathamangira ku mgolo atavala nsapato imodzi ya m'nyumba ndi ina ya kumunda. Dothi lidauma gwa ngati njerwa, ndipo thabwa limodzi la mgolo lidang'aluka. Atamasula waya, mapesi adatuluka atagwirana ndi madzi oundana. Masamba adali akuda bii, olefuka ngati ndiwo zowiritsa.

Adathamangira kwa Milutin, Milutin adakuwira ana a Pishta, ndipo ntchito imene idazengerezedwa mwezi wathunthu idatha khofi wa patebulo asanazizire.

"Pakhonde?" adafunsa mmodzi mwa ana a Pishta.

"Ayi, kukhitchini! Pafupi ndi chitofu!"

Radivoj ankadziwa chochita ndi mwana wankhosa wozizidwa: umamuika pamoto. Adasonkhezera chitofu mpaka chitsulo chidafiira, adathira madzi ofunda m'mgolo, ndipo adakhala pampando n'kumayang'ana. Madzi adatsikira pansi, khitchini idanunkha dothi. Patapita masiku masamba onse adasanduka ofiirira ndi ouma, akuchita phokoso munthu akadutsa. Radivoj adatenga sizasi yake yodulira mpesa. Mpesa ukapsa ndi chisanu umaudula, n'kuphukanso kuchokera pansi, mkuyu chimodzimodzi. Adadula masamba onse mpaka kudatsala chitsa chonga chinanazi chachikulu, chokhala ndi kansonga kamodzi kakuthwa pakati.

Nyengo yonse yozizira foni inkalira Lamulungu lililonse. "Ukumuthirira pang'ono?" "Pang'ono." Adati anena zoona pa Khirisimasi, koma pa Khirisimasi adamuonetsa khanda litavala kachipewa kofiira, ndipo mawu adamukanika. Adati anena akaona tsamba latsopano, kuti nkhani yoipa ipite pamodzi ndi yabwino. M'mawa uliwonse ankaima pa chitsacho, khofi ali m'manja. Masoseji aja sadawadye. Ambiri adagawira Milutin.

Desanka adabwera m'mwezi wa Malichi. Adadutsa pakhonde la magalasi, adaona madontho a mafuta pansi pamene pankayenera kuima mgolo. Atalowa m'khitchini adaima, chikwama chikadali m'manja.

"Desa," adayamba Radivoj, "kudabwera Koshava..."

"Koshava imabwera chaka chilichonse."

Adaika chikwama pansi, adavula jasi, adapinda manja a bulauzi. Adagwira kansonga ka pakati kaja ndi zala ziwiri n'kukoka pang'ono. Kadasololoka mosavuta, ngati udzu wa m'dambo. Kumunsi kwake kunali kofewa, kotuwa, ndipo fungo lake lidadzaza khitchini.

"Wagona panja mpaka liti?"

"Disembala."

"Ndipo kuchokera Disembala ali pamoto pano?"

"Ndimati afunde."

"Masamba adadula ndani?"

"Anali atauma, Desa."

"Anali ndi pobiriwira pomwe?"

Radivoj adakumbukira timizere tobiriwira m'munsi mwa mapesi a masamba aja.

"Uyu si mpesa wako, Rade. Alibe maso ambiri. Mtima ali nawo umodzi, apa." Adaloza dzenje limene lidatsala pakati pa chitsacho. "Katenge mankhwala ako abuluu opopera mpesa. Uitanenso ana a Pishta, amuchotse pamoto pano."

Kanjedza adabwerera pakhonde pake, mochedwa ndi miyezi inayi. Desanka adapukuta m'dzenjemo ndi kansalu komanga pa kamtengo, adathiramo mankhwala abuluu aja, ndipo adaletsa kuthirira madzi. Patapita masiku adathiranso. Sankakalipa. Ankaphika, ankachapa, ankafotokoza za khanda, kuti limaseka likamva belu la tchalitchi. Radivoj akadakonda kuti akalipe.

Mu Epulo Milutin adabwera ndi sowo wake, pakuti Desanka adati nthawi yodula yakwana.

"Moni, mai kum. Ndamva kuti lero ndine dokotala."

"Dokotala wa chiyani inu, amene munati chisanu chikufunafuna nsapato?"

Milutin adayang'ana Radivoj. "Mwandinenera, a kum?"

"Sananene ndi iye," adatero Desanka. "Akazi anu ndi amene anandiuza. Gwirani mgolo."

Anayenera kudula chitsa kuchokera pamwamba, kagawo kochepa nthawi iliyonse ngati podula buledi, kufunafuna pamene pakati pake padali poyera ndi polimba. Akapeza poyera, mtima ukadali moyo, ndipo dzuwa likaufika ukhoza kukankha tsamba. Radivoj ndiye adagwira sowo. Kagawo koyamba kanali kofiirira ndi konyowa. Kachiwiri chimodzimodzi. Desanka ankatenga kagawo kalikonse, n'kukanunkhiza, n'kukaika pansi.

"Tsika."

Utuchi wonyowa udakakamira m'mano a sowo. Thukuta lidatsika m'khosi mwa Radivoj. Mtengo umene adaunyamula zaka zonse za ukwati wake unkafupika m'manja mwake, kuchoka pachifuwa kufika m'chiuno. Milutin adasiya nthabwala.

"Ima," adatero Desanka. Adawerama, n'kukanda ndi chikhadabo. Pakati pa zofiirira padali kadontho kotuwirako, kakang'ono ngati nyemba. "Mwina. Sindikudziwa. Thira mankhwala, uvundikire ndi sefa kuti mphepo izipita."

"Mwina" ameneyo Radivoj adamusunga ngati khala la moto. M'mawa uliwonse ankavundukula sefa. Desanka adamuuza kuti ukakhala moyo, pakatipo pamatukuka m'masiku ochepa, ngati chala chotuluka m'dothi. Tsiku lina adaganiza kuti patukuka, nathamangira kukamuitana, koma kunali kuuma kwa m'mbali chabe.

Tsiku la Jorje Woyera lidafika. Anthu adakongoletsa zipata ndi nthambi zanthete za msondodzi, ndipo m'mudzi monse munkanunkha nyama yankhosa yowotcha. Desanka adati kanjedza atuluke monga mwa nthawi zonse. Sipadafunike amuna anayi. Radivoj ndi Milutin adaukoka mgolowo okha mpaka pabwalo, ndipo Milutin adatsazika msanga, nati kunyumba kuli alendo.

Desanka adachotsa sefa, adaika chala chachikulu pakadontho kaja n'kukanikiza. Chala chidalowa. Adachitulutsa, adachipukuta pa epuloni, nakhala pabenchi.

Radivoj adakhala kumapeto kwa benchi lomwelo. "Ndikagula wina kutauni, ku Vršac. Amagulitsa aatali kale."

"Wa kusitolo ndimutani? Uyu anamera pansi pa kanjedza wa bambo anga. Nyumba ija anagula alendo, mtengo uja anadula kuti aimikepo galimoto." Adayang'ananso chitsacho. "Chisanu sindikuchiimba mlandu, Rade. Ngakhale masoseji ako. Amuna anayi kulibenso m'mudzi muno, ndikudziwa. Koma ndinakufunsa."

"Unandifunsa."

"Ukanati ali panja, ndikanati funditsa mgolo, chotsa pulasitiki. Ukanandiuza m'mawa wa chisanu uja, ndikanati pakhonde, osati pamoto, ndipo usadule kanthu. Ukanandiuza pa Khirisimasi, ndikanati koka nsonga, thira mankhwala. Lamulungu lililonse ndinali pa foni, mdala iwe. Ndinkakuuza za madzi, iwe n'kumati pang'ono."

Radivoj adayang'ana manja ake. Madzi akatayika saoleka, ndipo iye adaona bwinobwino malo onse amene akadatha kugwira ndowa isanagwe.

Foni idalira m'thumba la epuloni. Anali Vesna, kuwafunira tsiku labwino. Radivoj ankamva mawu ake aang'ono akutuluka m'foni: tchuthi chake cha uchembere chinali pafupi kutha, malo osungira ana adadzaza, mwana wamkulu ankafunsa agogo tsiku lililonse. Kenaka lidabwera funso lija la chaka ndi chaka.

Desanka adatsegula pakamwa monga ankachitira nthawi zonse. Maso ake adapita pamgolo. Kenaka adatembenukira kwa Radivoj, ndipo adamuyang'ana nthawi yaitali, foni ili pakhutu.

Radivoj adadziwa kuti akudikira chiyani. Mawu adali pafupi, ochepa chabe: khala chifukwa cha ine. Koma zaka zonsezo amene ankamunenera mawu amenewo anali kanjedza, ndipo iye anali asadawaphunzire. Komanso munthu amene adanama nyengo yonse yozizira angapemphe bwanji kanthu? Adawerama n'kuyamba kutola utuchi umene udakakamira pa thalauza lake.

"Chabwino, mwanangu," adatero Desanka. "Ndibwera. Bambo ako ali ndi mpesa wawo, azibwera nthawi yozizira akafuna."

Adanyamuka mwezi usanathe. Adamusiyira supu m'firiji, malaya ositasita, ndi mankhwala ake a magazi atawaika pamalo oonekera. Pokwera basi adamugwira tsaya, nati, "Uzidya, mdala." Sadamusiyire tsiku lililonse loti akumbukire.

Mpesa udabereka bwino chaka chimenecho, ndipo mkuyu udalemedwa mpaka nthambi kugwa pansi. Radivoj sadadzale kanthu m'mgolo muja, komanso sadauchotse pabwalo. Pa tsiku la Dimitri kudacha kofunda. Ali pakhomo adaona Milutin akubwera, pambuyo pake Pishta atachira, ndi ana ake awiri. Milutin adali atawauza kuyambira sabata yatha kuti chaka chino pasapezeke wosowa, kenaka ali kale panjira adakumbukira kuti kanjedza kulibenso, ndipo adachita manyazi kuwabweza.

Adaima onse mozungulira mgolo wopanda kanthu.

"Tabwera anayi, a kum," adatero Milutin motsitsa mawu. "Ndi inu asanu."

Radivoj adalowa m'nyumba, nadutsa pakhonde la magalasi limene adalikolopa mpaka madontho a mafuta adatha. Adatenga botolo ndi timatambula. Buledi wa tchizi panalibe womuphika, choncho adadula buledi wamba.